Zivindikiro zokongola za kiyibodi yopyapyala: njira iti ingatipindulire kuno ku Chigwa cha Shire

Munthu amene wagula kiyibodi yamakina yopyapyala, ija ya mabatani aafupi imene imalowa bwino m'chikwama pamodzi ndi laputopu, sachedwa kuzindikira kuti zokongoletsa zambiri zimene amaziona pa intaneti sanapangire iye. Zivindikiro za mabatani, zimene amalonda amazitcha keycap, zilipo zamitundumitundu, zina zoumbidwa ndi manja zokhala ndi kansomba kapena kaphiri mkati mwake, koma pafupifupi zonsezo anazipangira switchi (tizipangizo ta pansi pa batani timene timatumiza chilembo mukadina) zazitali za mtundu wa Cherry MX. Kwa ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje nkhaniyi imakula kwambiri chifukwa zinthu zimenezi simungazipeze pa shelufu pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula kuti muziyese musanalipire, ndipo katundu wochokera kunja akafika ali wolakwika, kumubweza kumadya ndalama zoposa mtengo wake. Maganizo anga ndi akuti mbali ya pansi ya chivindikiro, imene imagwira switchi, iyenera kuchokera ku fakitale, koma nkhope yake tingathe kuipanga konkuno, ndipo njira zonse zimene ndikambe ndaziyeza ndi muyeso umenewo.

Musanasirire chithunzi chilichonse, zulani batani la Esc pa kiyibodi yanu, mulitembenuze, ndipo muyang'anitsitse pansi pake ndi pamutu pa switchi. Mukaona timabowo tiwiri tating'ono pamutu pa switchi, ndipo chivindikirocho chili ndi timiyendo tiwiri topyapyala tolowa m'timabowomo, ndiye kuti muli ndi Kailh Choc V1, imene ena amailemba kuti PG1350, kapena switchi ina yofanana nayo kwambiri monga ya GL imene ili mu Logitech G915 ya 2019. Mukaona kamtanda, ndiye kuti muli m'gulu lina lalikulu, mmene muli Kailh Choc V2, switchi zazifupi za Gateron zimene zili m'makiyibodi ambiri a Keychron ndi NuPhy, komanso Cherry MX Low Profile imene inatuluka mu 2018. Koma mukaona timapulasitiki topingasana tokhala ndi kalabala pakati, monga zimakhalira pa laputopu ndi pa makiyibodi ambiri a m'maofesi, bwezerani batanilo mosamala, chifukwa kiyibodi yotero si yamakina ndipo zonse zili m'munsimu sizikuikhudza.

Magulu awiriwa salowana ngakhale pang'ono. Chivindikiro cha mtanda sichingakhale pa Choc V1, ndipo cha timiyendo tiwiri sichingakhale pa switchi ya mtanda. Alipo amene amagulitsa tizidutswa tolumikizira ziwirizi, koma tizidutswato timakweza batani m'mwamba, motero munthu amataya chimene anagulira kiyibodi yopyapyala. Pali muyeso winanso umene ambiri amauiwala, ndiwo mtunda wa pakati pa batani ndi linzake. Pa kiyibodi wamba mtundawu ndi mamilimita 19.05 mbali zonse, pamene makiyibodi ambiri a Choc V1, makamaka aja ogawika pawiri amene anthu amadzimangira okha, amayala mabatani pa mamilimita 18 chopingasa ndi 17 chotsika. Chivindikiro chachikulu chikaikidwa pa malo opanikizika chotere chimakhula chinzake, ndipo chaching'ono chikaikidwa pa malo otakasuka chimasiya mipata imene fumbi la mu Okutobala limalowamo mosavuta.

Njira imene imakopa anthu poyamba ndi kutenga chivindikiro chokongola chimene anapangira switchi yaitali n'kuchiika pa switchi yaifupi ya mtanda. Njirayi ili ndi ubwino umodzi weniweni, woti zosankha n'zambiri zedi, popeza makampani monga Jelly Key ndi Dwarf Factory a ku Vietnam, pamodzi ndi amisiri ambirimbiri ogulitsa pa Etsy, amapangira mtanda umenewu. Komabe kulowa kwa mtanda sikutanthauza kuti batani ligwira ntchito. Switchi yaitali ya Cherry MX ndi ya mamilimita 18.5 ndipo imatsika mamilimita 4, pamene Cherry MX Low Profile ndi ya mamilimita 11.9 ndipo imatsika mamilimita 3.2. Makoma a chivindikiro chachitali anawapanga kuti azitsika mozungulira thupi la switchi yaitali, lija limachepa kumtunda, koma thupi la switchi yaifupi ndi lophwatalala, choncho makomawo amatha kugunda thupilo kapena chitsulo cha pansi batani lisanafike pamapeto. Zikatero mumamva kugogoda kouma, ndipo nthawi zina chilembo sichituluka n'komwe. Switchi zambiri zazifupi zilinso ndi kamkombero kozungulira mtanda, ndipo mwendo wa chivindikiro choumbidwa ndi manja ukakhala wonenepa kapena wosazungulira bwino, sulowa m'kamkomberomo.

Ngakhale zonsezi zitayenda bwino, chivindikiro chotere chimaima pamwamba pa anzake ngati chulu pakati pa dimba, ndipo chala chikamapita ku mabatani a manambala chimapunthwapo. Kiyibodiyo ikalowa m'chikwama n'kukwera nayo minibasi kapena kabaza, batani lotumphukalo ndi limene limayamba kulandira katundu yense, ndipo chimene chimathyoka kawirikawiri si chivindikiro chokha komanso mutu wa switchi. Mtengo wake nawonso ndi wa madola makumi angapo pa chivindikiro chimodzi chokha, kusawerengera zotumizira. Ine njirayi ndingaivomereze kwa munthu amene kiyibodi yake sichoka pa tebulo, amene akufuna chivindikiro chimodzi cha pa Esc pakona, ndipo wogulitsa wamutsimikizira polemba kuti anachiyesa pa switchi ya dzina lomwelo. Zivindikiro wamba zazifupiko, za maonekedwe a DSA kapena XDA, zimagwirako ntchito pa makiyibodi ena a mtanda, koma nazonso muyambe mwayesa chimodzi.

Njira yachiwiri ndi yogula zivindikiro za mabatani onse zimene anapangiradi kiyibodi yopyapyala, ndipo kwa anthu ambiri a gulu la mtanda iyi ndiyo yopanda chiopsezo chachikulu. NuPhy ili ndi zake za maonekedwe a nSA, Keychron ili ndi za LSA, ndipo pa AliExpress pali zina zambiri zamitundu yowala ndi zojambula. Apa kukongola sikuchokera pa batani limodzi lodabwitsa koma pa kugwirizana kwa mitundu pa kiyibodi yonse. Chofunika kusamala nacho ndi mabatani aatali, monga la mpata, la Enter ndi la Shift. Mabataniwa amakhala ndi kawaya kowathandiza kutsika mofanana mbali zonse, ndipo pa makiyibodi ena opyapyala, makamaka akale, timiyendo ta kawayaka sitili pamalo pamene pali ta kiyibodi wamba. Munthu amatha kulandira paketi yake, zilembo zonse n'kukhala bwino, koma batani la mpata n'kukana, ndipo amatsala ndi kiyibodi ya mitundu iwiri imene sanaifune. Choncho tembenuzaninso batani la mpata, mulijambule ndi foni pambali pa rula, ndipo chithunzicho muchiyerekeze ndi cha wogulitsa. Werenganinso kukula kwa Shift ya kumanja ndi mabatani a m'mzere wa pansi, chifukwa makiyibodi aang'ono amawafupikitsa mosiyanasiyana.

Pa nkhani ya pulasitiki, nyengo yathu ili ndi mawu. Zivindikiro zambiri zimene zimabwera ndi kiyibodi ndi za ABS wopakidwa penti, zilembo n'kuzilemba ndi kuwala kwa laser, ndipo m'dera limene kutentha kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, thukuta la m'zala silichedwa kupukuta pentiyo mpaka batani la A ndi la E kusanduka madontho oyera. PBT ndi wolimbirapo, sachita kunyezimira msanga, ndipo zilembo zake akazilowetsa mkati mwa pulasitiki ndi utoto wotentha, kapena akaziumba ndi mapulasitiki awiri osiyana mitundu, sizifufutika. Kuipa kwake n'koti zivindikiro zambiri za PBT sizidutsa kuwala, motero amene amagwira ntchito usiku magetsi atazima, n'kumadalira nyali za m'kiyibodi kuti aone zilembo, ayenera kusankha pakati pa kulimba ndi kuwala. Ine ndimakonda kulimba, chifukwa zala zimaphunzira malo a zilembo koma penti wofufutika sabwerera.

A gulu la Choc V1 ali ndi msika wawo wocheperapo koma wosamalika. Zivindikiro zodziwika kwambiri ndi za MBK, zokhala ndi kadzenje kosaya pamwamba, ndipo zimapezeka zopanda zilembo m'mitundu yambiri komanso zolembedwa, monga MBK Legend. Palinso MCC, LDSA ndi CFX, ndipo zomalizazi n'zazing'ono mbali zonse kotero zimakwana pa makiyibodi opanikizika kwambiri. Chimene ndimakondera gulu limeneli n'chakuti zopanda zilembo amagulitsa m'timapaketi tating'ono, chimodzi pa mtengo wa dola imodzi kapena kucheperapo, choncho munthu angathe kugula zofiira zinayi za mivi, chachikasu cha Esc ndi zobiriwira za zala zazikulu, n'kusintha maonekedwe a kiyibodi yonse ndi ndalama zochepa. Zoumbidwa ndi manja za Choc V1 zilipo koma n'zosowa, ndipo amisiri ambiri amazigulitsa mwa maere kapena potolera maoda kaye, munthu n'kudikira miyezi yambiri atalipira kale. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atalipira kale sanataye kanthu, koma ndalama zotumizira zimene amalipiritsa katundu akakonzeka zinawapeza pa mtengo watsopano.

Timiyendo ta Choc V1 ndi tosalimba, ndipo izi ziyenera kudziwika kwa aliyense amene akufuna kumasinthasintha zivindikiro. Kunenepa kwake sikufika milimita imodzi ndi theka, ndipo mukazula chivindikiro mopendeketsa, kamwendo kamodzi kamathyoka n'kutsalira m'kabowo ka switchi, kali kosalala ndi pakamwa pa kabowoko moti zikhadabo sizingakagwire. Amene zinawachitikira amatenga singano, kuitenthetsa nsonga pa kandulo, kuibaya pang'ono m'kachidutswako, kudikira kuti izizire, kenako n'kukoka mowongoka. Zimatheka, koma dzanja likanjenjemera singanoyo imasungunula mutu wa switchi, ndipo ngati switchi za kiyibodi yanu n'zowotcherera, ntchito imakula mpaka kukafuna wokonza mafoni. N'chifukwa chake pa switchi imeneyi sindikhulupirira timiyendo toumbidwa ndi utomoni wouma kwambiri, ngakhale nkhope ya chivindikirocho ikhale yokongola chotani.

Tisanapitirire, ndi bwino kunena za ulendo wa katunduyu, popeza njira ziwiri zapitazi zonse zimadalira kuitanitsa kunja. Kulipira kumafuna khadi la banki lololedwa kugula pa intaneti, ndipo m'zaka zimene ndalama zakunja zakhala zikusowa, mabanki akhala akuika malire pa zimene munthu angagwiritse ntchito, pamene Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza kwambiri pobwezera munthu amene wakulipirirani. Phukusi lodzera ku positi ndi lotsika mtengo koma limatenga milungu yambiri, ndipo limafuna bokosi la positi ndi nambala ya foni yogwira. Lodzera ku makampani othamangitsa katundu limafika msanga ku Blantyre, koma zotumizira zimatha kuposa mtengo wa zivindikirozo, kuwonjezera msonkho umene bungwe la MRA lingawerengere, ndiponso ulendo wokwera zitunda kuchokera pa Thabwa kukalitenga. Amene ali ndi m'bale ku Joni angathe kutumiza katunduyo kumeneko kuti adzabwere naye, popeza zivindikiro makumi awiri zimakwana m'thumba la malaya. Chanzeru n'chakuti anthu atatu kapena anayi aitanitse pamodzi n'kugawana zotumizira, ndipo apewe miyezi ya Januwale mpaka Malichi, pamene madzi amatha kudula msewu wa M1 monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu 2022.

Njira yachitatu ndi yosindikiza zivindikiro pa makina a 3D. Mapulani ake alipo aulere pa tsamba la pa intaneti la GitHub, monga KLP Lamé, imene ili ndi mitundu ya timiyendo tiwiri ndi ya mtanda, komanso Chicago Steno, ndipo munthu wodziwa kujambula pa kompyuta angathe kuwonjezerapo chizindikiro chake. Makina otere alipo m'masukulu aukachenjede monga MUBAS ku Blantyre, ngakhale kuti cholinga chawo choyamba ndi maphunziro ndi kafukufuku, choncho munthu wakunja ayenera kuyamba wapempha. Koma mtundu wa makina ndi umene umagamula zonse. Makina ofala, aja amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumauyala mizeremizere, amatulutsa ulusiwo pa kabowo ka mamilimita 0.4, motero kamwendo ka Choc V1 kamakhala mizere itatu yokha, ndipo kamathyokera pamene mizereyo yalumikizana. Pulasitiki wa PLA amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, kutentha kumene galimoto yotsekedwa mawindo pa dzuwa la pa Nchalo ingathe kufikako. PETG amapirira mpaka cha m'ma 80 ndipo ndi wabwinopo. Makina oumitsa utomoni ndi kuwala amatulutsa zosalala ndi zojambula zooneka bwino, koma utomoni wamba ndi wosachedwa kuthyoka. Zolimba kwenikweni ndi za nayiloni zimene makampani monga JLC3DP a ku China amasindikiza, koma zimenezo zatibwezeranso ku nkhani ya madola ndi positi. Njirayi ndi yabwino kwa wophunzira amene makina ali nawo pafupi ndipo switchi zake n'za mtanda, popeza mwendo wa mtanda ndi wokulirapo ndipo umakhululuka zolakwika zazing'ono.

Kuumba chivindikiro chonse ndi utomoni wa epoxy m'chikombole cha silicone sindikulimbikitsa kwa woyamba kumene. Amisiri amene amachita bwino ntchitoyi amaumitsira utomoni mumphika wa mpweya wopanikizidwa kuti thovu lisaoneke, ndipo popanda mphikawo thovulo limakonda kubisala m'mwendo momwemo, pamalo pamene pakufunika mphamvu. Kutentha kwa kuno kumafulumizitsanso kuuma kwa utomoni moti nthawi yokonza zolakwika imachepa.

Njira imene ndikuiona kuti ndi yathu ndi yachinayi, yogula zivindikiro zotsika mtengo zopanda zilembo, za mwendo woyenera switchi yanu, n'kukongoletsa pamwamba pake konkuno. Mbali yovuta, imene imafuna muyeso wosaphonya ngakhale ndi kachigawo kakang'ono ka milimita, imakhala itapangidwa kale ndi makina a fakitale, ndipo chotsala ndi ntchito ya maso ndi manja, imene kuno sitisowa oidziwa. Ngakhale zivindikiro zimene zinabwera ndi kiyibodi zingathe kukhala poyambira, makamaka za mabatani amene simuwagwiritsa ntchito kawirikawiri, ndipo makampani ena amaika zivindikiro zapadera zingapo m'bokosi, monga za Mac ndi za Windows, zimene zimangokhala osagwira ntchito.

Chophweka kwambiri ndi nsalu. Mumatenga kachidutswa ka chitenje kwa telala, pamalo pamene pali kaduwa kapena kamzere kokwana pa chikhadabo cha chala chachikulu, chifukwa zojambula zikuluzikulu za pa chitenje zikadulidwa pa mamilimita 15 zimangosanduka mtundu umodzi wopanda tanthauzo. Pamwamba pa chivindikiro mumakwecha ndi sandipepa wosalala mpaka kunyezimira kuthe, mumapukuta fumbi, mumamata nsaluyo ndi guluu wochepa kwambiri, ndipo ikauma mumadula m'mbali ndi lezala latsopano kuti ulusi usatsale ukulendewera. Pamwamba pake mumadonthezapo epoxy woonekera, dontho limodzi kapena awiri, n'kuliyala ndi kamtengo ka machesi mpaka m'mphepete, osalola kuti litsikire m'makoma, pakuti chotsikira m'mbali chimakhula batani loyandikana nalo. Ntchitoyi ichitike m'mawa kusanatenthe, ndipo chivindikirocho chivundikiridwe ndi kapu mpaka tsiku lotsatira, chifukwa kafumbi kamodzi kakatera pa utomoni wosauma kamakhala pomwepo mpaka kalekale. Nsalu imada pang'ono ikanyowa ndi utomoni, choncho mitundu yowala ndi imene imatuluka bwino. Epoxy amachita chikasu akakhalitsa pa dzuwa, motero kiyibodi yotere isamakhale pa windo. Mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo asayandikire chivindikiro cha ABS, chifukwa acetone amene amakhalamo amasungunula pulasitiki ameneyu.

Mtengo wosema ndiwo umandisangalatsa koposa, ndipo apa chigwa chathu chili ndi chimene amisiri akunja alibe. Tsanya, amene amamera kuno, ndi wolimba, wofiirira mwakuda, ndipo akakwechedwa bwino amasalala osafuna vanishi wambiri. Mlombwa ndi wofewerapo, wosavuta kusema, ndipo mizere yake imaoneka bwino ngakhale pa kachidutswa kakang'ono. Phingo ndi wakuda ndi wokongola, koma ndi mtengo wotetezedwa umene uli pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zotetezedwa, kuyambira 2017, ndipo tsanya nayenso watha kwambiri ndi makala, choncho zonsezi zichokere pa zidutswa zotsala kwa kalipentala kapena pa mpini wothyoka, osati pa mtengo wodulidwa chifukwa cha ntchitoyi, ndipo za m'nkhalango za Lengwe ndi Majete zisakhudzidwe n'komwe. Kachidutswa kokwana m'chikhatho kamatulutsa nkhope za mabatani khumi.

Popita kwa mmisiri wosema, mutenge kiyibodi yonse osati chivindikiro chokha, kuti aone yekha kuchepa kwa mpata wa pakati pa mabatani. Mumuuze momveka kuti, "Bambo, kathabwa kake kasapyole mamilimita awiri, ndipo m'mbali kasatuluke kunja kwa pulasitikiyu," chifukwa dzanja lozolowera kusema mipando ndi zifanizo za nyama limafuna kusiya mtengo wokwanira, ndipo ukakhala wokwanira kwa iye, kwa kiyibodi wanenepa kale. Pamwamba pa chivindikiro cha pulasitiki pamayenera kukwechedwa mpaka kuphwatalale, ndipo zimenezi zimachotsako pang'ono msinkhu umene kathabwako kadzabwezere. Pokwecha, timiyendo tisakhudze tebulo, ndipo ndi bwino kubaya chivindikirocho pa switchi yakufa kuti ikhale chogwirira. Kathabwako kamatidwe ndi epoxy wa machubu awiri, osati guluu wothamanga uja wa m'timachubu ting'onoting'ono, amene amauma mophwanyika ndipo amasiya nthunzi yoyera pa pulasitiki wakuda. PBT sagwira guluu mosavuta, choncho pa ntchito imeneyi yokha ABS ndiye wabwino, ndipo ngati muli ndi PBT mumukweche mokakala kuti guluu apeze pogwira. Mtengo umafufuma m'dzinja ndi kunyala m'chilimwe, motero upakidwe mafuta kapena vanishi wopyapyala mbali zonse, ndi m'mphepete momwe, apo ayi kathabwako kamapindika n'kuyamba kumatuka pakona.

Chojambulacho chikhale chozokotedwa mkati mwa mtengo osati chotumphuka, chifukwa pa mamilimita awiri palibe malo a mutu wa njovu, ndipo chala chimatopa ndi chinthu chobaya. Mizere ya kalukidwe ka nkhokwe, kansomba ka mu Shire kapena chilembo choyamba cha dzina zimakwana bwino. Kulemera kwa kathabwa kotere sikusokoneza switchi za Choc zofiira za magalamu 50, koma amene ali ndi switchi zopepuka kwambiri za magalamu 20 adzamva kusiyana, ndipo kwa iwo nsalu ndi yabwino kuposa tsanya. Chivindikiro cha mtengo kapena cha nsalu chimatsekanso kuwala kwa pansi, choncho malo ake ndi Esc, Enter, mivi ndi mabatani a m'mbali, amene dzanja limawapeza lokha ngakhale mumdima.

Njirayi ili ndi zofooka zake ndipo sindikuzibisa. Choyamba chimene mudzapange sichidzafanana ndi za pa zithunzi za amalonda, n'chifukwa chake muyenera kugula zopanda zilembo zoposa zimene mukufuna, kuti zina zikhale zophunzirira. Kupanga mabatani onse a kiyibodi mwanjira imeneyi n'kovuta, popeza kusiyana kwa theka la milimita pakati pa batani ndi linzake zala zimakumva. Mabatani aatali okhala ndi kawaya amakhumudwa msanga ndi kulemera kosafanana, ndipo la mpata ndi bwino kulisiya mmene lilili. Koma ikayerekezedwa ndi zinazo, iyi yokha ndi imene madola ake ndi ochepa kwambiri, imene cholakwika chimakonzeka tsiku lomwelo, ndiponso imene gawo lina la ndalama limatsala m'manja mwa telala ndi mmisiri wa pamsika wathu. Imagwiranso ntchito mofanana kwa a mtanda ndi a timiyendo tiwiri, pamene njira zinazo zimakondera a mtanda.

Amene sanagulebe kiyibodi ndipo akudziwa kuti adzafuna kuikongoletsa ali ndi mwayi wosankhiratu. Agule ya switchi za mtanda, yoyala mabatani pa mamilimita 19.05, imene switchi zake zimazulika popanda kuwotcherera, ndipo afunse ngati kawaya ka mabatani aatali kamalandira zivindikiro za makampani ena. Makampani akuluakulu nawonso akulowera komweko, monga Logitech, imene mu 2024 inatulutsa G515 ndi G915 X zokhala ndi mtanda m'malo mwa timiyendo tiwiri ta G915 yoyamba. Switchi zopyapyala kopambana, monga Cherry MX Ultra Low Profile ya mamilimita 3.5 imene ili mu Corsair K100 Air, ndi zabwino polemba, koma zivindikiro zake zimakoledwa pa timapiko tachitsulo ndipo sanazipange kuti zizisinthidwa, choncho wofuna zokongoletsa azipewe. Choc V1 ikadali yoyenera kwa amene akumanga yekha kiyibodi yogawika pawiri ndipo akufuna kupyapyala kwenikweni, bola agule zivindikiro za MBK zopanda zilembo nthawi imodzi ndi switchi, mu phukusi limodzi, pamodzi ndi kachida ka waya kozulira mabatani mowongoka.